Mau a Mlembi: Mwana Wamkazi Amalakalaka Chimene Waona

 Chaka ndi chaka pa tsiku la chikondwerero ndimawerenga za chuma chathu ndi za odwala amene tinawayendera. Lero ndapempha kuti ndilankhule za zidole ndi kanema. Ndikuona ena mukuseka, koma nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Mwezi wathawu ndinapeza mdzukulu wanga wamkazi kuseri kwa nkhokwe akupinda mawaya, kupanga galimoto. Ndinamlanda mawayawo ndi kumuuza kuti zimenezo nza anyamata, apite kumasanje akaphike ndi anzake. Mwanayo sanalire ai. Anangondifunsa kuti, "Agogo, kodi palibe mkazi amene amapanga galimoto?" Ndinasowa choyankha. Pambuyo pake ndinakhala naye pansi kuonera kanema pa foni ya atate ake. Wokonza makina anali mwamuna, woyendetsa ndege anali mwamuna, ndipo mkazi ntchito yake inali kulira ndi kudikira wompulumutsa.

Nditamfotokozera mwana wanga wamkulu, amene ndi mphunzitsi, anandiwerengera nkhani ziwiri za ku Amerika, ndipo ndabwera nazo kwa inu.

Yoyamba ndi iyi. M'chaka cha 1966 pa wailesi ya kanema panayamba sewero lotchedwa Star Trek, la anthu oyenda m'chombo pakati pa nyenyezi. Mmodzi wa akuluakulu a m'chombomo anali Uhura, ndipo amene anasewera gawoli ndi mai wakuda, Nichelle Nichols. Masiku amenewo mkazi wakuda m'kanema kawirikawiri ankapatsidwa gawo la wantchito wa m'nyumba. Maiyu atafuna kusiya seweroli, Martin Luther King anamdandaulira kuti asachoke, pakuti ana a anthu akuda anali kumuyang'ana. Ndipo zoonadi, ku Chicago kunali mtsikana, Mae Jemison, amene ankaonera. Iyeyu anaphunzira udokotala, nagwira ntchito ku Sierra Leone ndi ku Liberia, ndipo mu 1992 anakhala mkazi wakuda woyamba kupita mumlengalenga, pa chombo cha Endeavour. Mwini wake wanena poyera kuti Uhura ndiye anampatsa mtima.

Yachiwiri ndi ya zidole. Mu December 2015 kunatuluka kanema wa Star Wars: The Force Awakens, amene ngwazi yake ndi mtsikana, Rey. Koma kampani ya Hasbro popanga masewera a Monopoly a kanemayu inaikamo tizidole tinai, tonse taamuna. Mwini nkhani anamsiya kunja! Makolo ndi ana anadandaula kwambiri, ndipo mu January 2016 kampaniyo inalengeza kuti idzamuikamo. Apatu tiphunzirepo kuti makolo akalankhula, ogulitsa amamva.

Amai anzanga, akulu anati m'mera mpoyamba. Mwana sangalakelake chinthu chimene sanachione. Akamaona akazi akungophika ndi kulira, adzayesa kuti dziko lake limathera pamafuwa. Masanje sindikuwanyoza, pakuti tonse tinaphunzirira komweko kusamala banja. Koma mwana yemweyo amene amabereka chidole kumbuyo angathenso kumanga mlatho kapena kuchiza odwala.

Tsono ndili ndi mapempho atatu. Loyamba, pogulira mwana wamkazi choseweretsa pamsika, mfunseni chimene akufuna, ndipo akaloza galimoto kapena mpira musamkalipire. Lachiwiri, ana akamaonera kanema khalani nawo, muwafunse kuti mkazi wa m'nkhaniyo akuchita chiani, ndipo afunireni akanema amene akazi ali ndi nzeru ndi udindo. Lachitatu, anyamata athu aziona nawo zimenezi, pakuti mnyamata amene wakula akuona mkazi akutsogolera sadzachita manyazi kulemekeza mlongo wake kapena mkazi wake.

Ine mawaya aja ndinabweza, ndipo ndinapepesa. Abambo akunyumba anamfunira zotsekera mabotolo za mawilo. Galimotoyo tsopano ikuyenda pabwalo, ngakhale wilo limodzi limakhota. Funso lake lija ndamyankha theka chabe, ndipo theka linalo ndikupempha kuti tithandizane kuyankha m'nyumba zathu.