Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Mphoto za Mpikisano wa Masamu kwa Maganga, Salima



Ana inu, tsegulani makope mulembe nambala iyi: 17,563,749. Imeneyi ndi ife. Ndicho chiwerengero cha Amalawi chimene ofesi ya kalembera ya ku Zomba inapeza m'chaka cha 2018. Pa kalembera wa 1966 tinali ongopitirira pang'ono 4 miliyoni. Ambiri akaona nambala yaitali chonchi amagwa ulesi. Wodziwa masamu amaifunsa mafunso, iyo nkumayankha.

Funso loyamba: kodi ingagawike pawiri? Yang'anani kumapeto. Yathera 9, ndiye Amalawi onse titafola awiriawiri, mmodzi angasowe mnzake. Nanga atatuatatu? Phatikizani manambala ake asanu ndi atatuwo mmodzimmodzi, mupeza 42. Poti 42 amagawika ndi 3, nayonso nambala yonseyi imagawika ndi 3, ndipo yankho ndi 5,854,583. Limenelonso ligaweni ndi 7, mupeza 836,369, osatsala kanthu. Choncho mtundu wathu wonse ungakhale m'magulu 836,369 a anthu 21, popanda wotsalira. Apa tadziwa kuti nambala yathuyi siili m'gulu lija aphunzitsi amalitcha prime, la manambala ngati 7 ndi 13 amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi. Titafuna kufola mizere 4,191 ya anthu 4,191, pangaperewere anthu 732.

Mwaona? Sitinagwire foni kapena kompyuta. Tangotsata malamulo amene mumaphunzira m'kalasi.

Makolo anzanga, izi si zamasewera. Boma likamagawa mabuku, aphunzitsi ndi mankhwala limayang'ana chiwerengero chomwechi. Pa doko la Senga Bay, usipa ukatuluka m'chilimira, pamafunika kuchotsera za mafuta, za mwini ukonde, nkugawana zotsalazo. Mayi wa ku banki mkhonde amafunika kudziwa chiwongoladzanja asanasaine. Amene amaopa manambala amaberedwa dzuwa likuswa mtengo.

Ndiye ndikupempheni, mwana asagone panyanja usiku nkumasinza m'kalasi m'mawa. Mtsikana asachotsedwe sukulu kuti akayanike nsomba pa thandala kapena kukalowa banja. Bodza loti masamu ndi a anyamata lithe lero, chifukwa atsikana amene alandire mphoto pano alitsutsa kale. Aphunzitsi, musatope, mwana akalakwitsa, muonetseni pamene wasokonekera, ayesenso.

Opambana, ndikukunyadirani, ndipo luso lanulo muphunzitseko anzanu. Enanu musataye mtima, kuona maso a nkhono nkudekha. Mafumu, tithandizeni kuti mwana aliyense wa kwa Maganga azipezeka m'kalasi tsiku lililonse.