Tisamale Chiwindi, Tiyang'ane M'kamwa

 Lero tabwera ndi nkhani ya khansa ya m'kamwa, ndi chifukwa chake odwala ena amapulumuka pamene ena amatisiya ngakhale afika ku chipatala. Chimodzi mwa zinthu zimene zimasiyanitsa anthu awiriwa ndi chiwindi.

Khansa imeneyi imayamba pa lilime, pa mlomo, m'nkhama kapena m'kati mwa tsaya. Poyamba kamakhala kachilonda kosapola, kachotupa, kapena banga loyera kapena lofiira. Nthawi zambiri sikapweteka, n'chifukwa chake timakanyozera. Zimene zimaiyambitsa kwambiri ndi fodya ndi mowa. Fodya wake ndi aliyense: ndudu, chingambwe, ngakhale woika kunsi kwa mlomo uja. Munthu akaphatikiza ziwirizi chiopsezo chimakula kuposa wosuta yekha kapena womwa yekha.

Tsono vuto lili apa. Mowa womwewo umaumitsanso chiwindi. Chiwindi ndicho chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana munthu akachekedwa. Chimapanganso zomanga thupi zothandiza kuti bala lipole, ndipo chimasefa mankhwala ambiri amene timamwa kapena kubayidwa. Khansa ya m'kamwa kawirikawiri amaichiza ndi opaleshoni, kenaka kuwotcha ndi makina kapena mankhwala amphamvu. Wodwala amene chiwindi chake chinauma amataya magazi ambiri pa opaleshoni, bala lake limachedwa kupola, amagwidwa msanga ndi matenda ena, ndipo mankhwala a khansa amamulemera. Nthawi zina madokotala amakakamizika kuchepetsa mankhwalawo kapena kusiya opaleshoni imene ikanamupulumutsa. Bwato la mng'alu limayenda bwinobwino nyanja ikakhala bata, koma mwera ukauka m'pamene mng'alu uja umaonekera.

Mowa si mdani yekhayo wa chiwindi kuno kunyanja. Pali matenda otupa chiwindi a mtundu wa B, amene amafala kudzera m'magazi, pogonana, ndiponso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi muno mu 2002, choncho ambiri a ife amene tinabadwa chakacho chisanafike sitinabayidwe. Kachilomboka kamatha kukhala phee zaka zambiri, n'kudzadzuka munthu akayamba mankhwala a khansa. Palinso likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amakatsakamira m'mitsempha ya chiwindi mpaka kapamba kutupa kapena munthu kusanza magazi. Nkhono zofalitsa likodzo limeneli zinapezeka m'magombe a ku Mangochi mu 2017. Tisaiwalenso chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino, chifukwa poizoni wake amaononga chiwindi.

Nanga tichite chiyani? Kamodzi pa mwezi tiyang'ane m'kamwa pa galasi, titukule lilime, tipapase khosi ngati muli chotupa cholimba. Chilonda chimene chatha masabata atatu osapola tikachionetse ku chipatala, osadikira kuti nyengo ya usipa ithe kaye. Khansa ikapezeka ili yaing'ono, ambiri amachira. Ikafika m'khosi, mwayi umachepa kwambiri. Akatitumiza ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Mzuzu Central, tipite msanga.

Kumeneko tikanene zoona za kamwedwe kathu, tisakachite manyazi. Munthu amene amamwa tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi m'chipatala amatha kunjenjemera, kusokonezeka mutu kapena kukomoka, ndipo adokotala akadziwiratu amamukonzera chithandizo. Tipemphenso kuyezedwa chiwindi, makamaka ngati maso achita chikasu kapena mimba ndi miyendo zikutupa. Mankhwala a likodzo a praziquantel akabwera m'mudzi timwe tonse, akulu omwe. Ululu wa m'kamwa tisamauziziritse ndi kachasu kapena Panado wopyola muyezo, chifukwa zimenezi zimangomaliza chiwindi chofooka kale.

Kwa inu a komiti, pempho lathu ndi ili. Mnzathu akatumizidwa ku chipatala chachikulu, vuto loyamba limakhala thiransipoti ndi chakudya cha ana otsala pakhomo. Tikambirane m'magombe mwathu za kathumba kothandizana pa matenda, ndipo eni zida amusungire mlovi malo ake mpaka atabwerako. Ambiri amabisa chilonda poopa kutaya ganyu. Tikawachotsera mantha amenewa adzapita nthawi ikadalipo.