Mawati a pa katoni ndi mawati enieni



Mwezi wathawu alamu anga adanditenga ku sitolo ina ku Limbe kuti ndikawathandize kusankha gumbagumba ya pabalaza. Ndalamayo adaisunga miyezi inayi. Pa katoni padalembedwa zilembo zikuluzikulu ngati za pa basi: 3000W PMPO. Mnyamata wogulitsa adati, "Bwana, iyi mukayatsa ku Ndirande akavina ndi a ku Chilomoni." Ine ndidangoitembenuza. Kumbuyo, pomwe pamatulukira chingwe cha magetsi, pamakhala timalemba ting'onoting'ono. Pamenepo padalembedwa 60W.

Nambala yachiwiriyi ndi ya magetsi amene chipangizocho chimakoka ku khoma. Ndiye tandiuzani, chinthu chodya mawati 60 chingatulutse bwanji 3000? Ampulifaya sipanga mphamvu yakeyake. Imatenga ya ku khoma n'kuipereka ku masipika, ndipo ina imatayikira panjira, n'chifukwa chake imatentha mukaikhudza. Inde, ng'oma ikagunda imatha kupyolako pang'ono kwa kamphindi, koma osati maulendo 50. Yunivesite ndidaisiyira panjira, koma masamu awa safuna digiri.

PMPO ndi chidule cha Peak Music Power Output. Vuto lake ndi lakuti palibe muyeso umodzi womwe makampani adagwirizana. Wina amatenga mphamvu ya kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, n'kuphatikiza masipika onse, n'kuchulukitsanso momwe wafunira. Ndi sikelo yomwe wogulitsa wadzipangira yekha.

Bodza limeneli silidayambe lero. Ku Amereka lidafika poipa mpaka mu 1974 bungwe la boma loteteza ogula, la Federal Trade Commission, lidakhazikitsa lamulo. Lidati wolengeza mawati anene mphamvu yomwe ampulifaya imatulutsa mosalekeza mbali iliyonse, mbali zonse ziwiri zikugwira ntchito, ndipo anenenso kuti wayesera pa sipika ya maomu angati ndiponso mawu akuphwanyika motani. Asanayese, ampulifayayo izikhala itayaka kwa ola lathunthu kuti itenthe ngati mmene imachitira kunyumba. Mu 2024 bungweli lidamanganso lamuloli kuti onse aziyesa mofanana: maomu 8, mawu onse kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz, ndipo kuphwanyika kwa mawu kusapitirire 1 peresenti.

Akuluakulu amene mudakhalako kunja n'kubwera ndi ma Sansui ndi ma Pioneer a m'ma 1970 mungandichitire umboni. Ambiri adalembedwa mawati 30 kapena 40 mbali imodzi, koma adali olemera ndithu, ndipo paukwati amakwana. Mawatiwo adali enieni. Masiku ano muyeso woterewu umalembedwa kuti RMS.

Palinso china chomwe ogulitsa sakuuzani. Mukachoka pa mawati 50 kupita pa 100, phokoso silichuluka kawiri, limangokwera ndi madesibelo 3, kusiyana kochepa ndithu. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi maulendo 10. Ndipo sipika yabwino imadzaza pabalaza ndi mawati ochepa chabe. Choncho chondipweteka si kuchepa kwa mawatiwo ayi. Ndi chakuti munthu wokhulupirira kuti wagula 3000 amapotokola voliyumu mpaka kumapeto, ampulifaya yaing'onoyo n'kuyamba kuphwanya mawu, ndipo mawu ophwanyikawo amawotcha timasipika ta mawu aang'ono tija. Akabwerera ku sitolo amamuuza kuti wawononga yekha.

Kuno kwathu malamulo alipo. Pali lamulo loteteza ogula la 2003, komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu onamizidwa pa malonda. Koma ndani angakadandaule za chinthu chomwe sadziwa kuti wanamizidwa? Ifenso atolankhani tili ndi mlandu, chifukwa zotsatsa malonda zoterezi timazisindikiza osafunsa.

Tsiku lija ndidapempha mnyamatayo kabuku ka mu katoni. Adakafufuza monyinyirika. Pa tsamba lomaliza padalembedwa mawati 15 RMS mbali imodzi. Alamu adagulabe, poti mawu ake adawakonda, koma adayamba anenerera mtengo kaye, kabukuko kali m'manja.