Ndimu pa Mbale Yakale: Za Katundu Wakale m'Nyumba Yamakono

Tsiku limene banja likusamukira m'nyumba yatsopano ya njerwa zootcha ndi malata, pamakhala mlandu umene suzengedwa poyera. Katundu amagaŵidwa paŵiri. Sofa, kabati yamagalasi, tebulo lonyezimira ndi wailesi yakanema zimaloŵera khomo la kumaso. Mpando wa ndalema umene agogo ankakhalira, mtsuko wa madzi, bokosi lachitsulo lochokera ku Joni ndi mtondo wong'aluka zimazungulira kuseri, n'kukaunjikidwa m'khitchini yapanja kapena pansi pa nkhokwe. Pakapita madzinja aŵiri kapena atatu, chiswe ndi dzimbiri zimakhala zitaumaliza mlanduwo. Palibe amene adalamula kuti zinthuzo zitayidwe. Kungoti aliyense adaona ngati zingachititse manyazi pamaso pa alendo.

Nkhani ya lero ikutengera omvera ku England, kukaona nyumba ya munthu wina amene adakana kugaŵa katundu wake motero.

Nyumbayo ili mu mzinda wa Cambridge, ndipo imatchedwa Kettle's Yard. Dzinali lisasokoneze munthu: silikunena za ketulo yophikira tiyi ayi, koma za banja lina la a Kettle limene linali ndi malo pamenepo kalekale. Amene adaikonza ndi Bambo Jim Ede, obadwa m'chaka cha 1895 ku Penarth, m'dziko la Wales. A Ede adamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo kuchokera mu 1921 kufikira mu 1936 adagwira ntchito ku Tate Gallery, nyumba yosungiramo zithunzi zojambula pamanja ku London. Sadali munthu wa ndalama zambiri. Chuma chawo chinali abwenzi, anthu ojambula ndi osema monga Ben Nicholson, Joan Miró ndi Constantin Brancusi, amene ntchito zawo panthaŵiyo anthu ambiri ankaziyesa zachilendo ndi zosamveka. Zina mwa ntchitozo a Ede adalandira ngati mphatso, zina adagula pa mtengo wotsika.

Atakhala zaka zingapo ku Tangier m'dziko la Morocco, kenaka ku France, a Ede ndi akazi awo, Mayi Helen Ede, adafika ku Cambridge mu 1956. Iwo ankafuna chinyumba chachikulu chonga cha mabwana akale, koma chimene adapeza ndi tinyumba tinayi takalekale, togundizana, timene tinali titatsala pang'ono kugwetsedwa. Adatiboola makoma kuti tikhale nyumba imodzi, adaikamo mawindo otulukira panja kuti dzuŵa lizifika m'kati, ndipo adamanga makwerero ozungulira ngati chigoba cha nkhono. Mu 1957 nyumbayo idatsegulidwa.

Choyamba chimene mlendo amaona m'nyumbamo si katundu, koma malo. Makoma ndi oyera mbuu, opanda maluŵa kapena mizere. Pansi ndi pa matabwa wamba, poyalidwa timakapeti takale apa ndi apo. Mfundo yake njosavuta. Mpando wakale, wa mtengo woderako ndi wosalala chifukwa cha manja a anthu, uli kale ndi zambiri zoti diso lione; ukauika patsogolo pa khoma lodzaza ndi makalendala asanu, maluŵa apulasitiki ndi tinsalu toluka, umangooneka ngati chinthu choiŵalika ndi wosesa. Ukauika patsogolo pa khoma loyera, pomwe kuŵala kwa m'maŵa kumagwera, umaima ngati mkulu pabwalo.

Koma chimene chidatchukitsa nyumbayi ndi ndimu.

M'chipinda chapansi muli mbale yakale yachitsulo, yotuŵa, ndipo pa mbalepo pamakhala ndimu imodzi. Chapafupi, pakhoma, pali chithunzi chaching'ono chimene Miró adajambula mu 1927, chotchedwa Tic Tic. Chithunzichi sichionetsa munthu, nyama kapena phiri. Ndi chabuluu woderako, chokhala ndi timizere ndi timadontho, ndipo kadontho kamodzi n'kachikasu. Mbale ija ndi yakale kwambiri, chithunzicho n'chamakono, ndipo mwa izo zokha palibe chimene chikadazigwirizanitsa. Ndimu ndiyo nkhoswe yake. Diso likaona chikasu cha pambale limathamangira chikasu cha pachithunzi, n'kubwerera, ndipo munthu amangomva kuti ngodyayo ili bwino, ngakhale asadziŵe chifukwa chake. Wina atachotsa ndimuyo, mbale ndi chithunzi zimasanduka alendo aŵiri okhala pa benchi limodzi la kuchipatala.

Apa ndi pamene pagona luso lonse la kusakaniza zakale ndi zatsopano. Zinthu ziŵiri za mibadwo yosiyana zimakhalirana bwino ngati pali kanthu kamodzi kamene zikugaŵana: mtundu, maumbidwe, msinkhu, kapena mmene zimalandirira kuŵala. Zaka zake zilibe kanthu, ndipo mtengo wake wa kusitolo ulibe kanthu m'pang'ono pomwe.

Pa za mtengozi a Ede anali osamva za munthu. M'chipinda chomwecho adaimikamo sikuluwu yaikulu yamtengo, yochotsedwa ku chipangizo chakale chofinyira maapozi kumidzi, naisandutsa choikapo ziŵiya zagalasi. M'chipinda chawo chogona, pa katebulo kozungulira, adayalapo nsangalabwi 76 zotola m'mbali mwa nyanja, kuzizungulitsa ngati nkhata, zazikulu pakati, zazing'ono kunja. Pamwamba pa piyano adagonekapo mutu wosalala wopangidwa ndi Brancusi, wotchedwa Prometheus, umene lero munthu wamba sangayerekeze n'komwe kufunsa mtengo wake. Mutuwo ndi nsangalabwi zija zidalandira ulemu wofanana, popeza zonse n'zobulungira ndipo zonse zimakoma dzuŵa likazigwera cham'mbali.

M'nyumbamo mulinso zithunzi pafupifupi 100 za Alfred Wallis, nkhalamba ya ku St Ives imene idagwirapo ntchito ya panyanja ndi yogulitsa zinthu zakutha, ndipo idayamba kujambula ili ndi zaka pafupifupi 70, mkazi wake atamwalira. Wallis ankajambula zombo pa zidutswa za makatoni ndi penti wopakira mabwato, n'kumatumiza kwa a Ede pa positi, pa mashilingi oŵerengeka. Makatoni amenewo adapachikidwa pakati pa ntchito za akatswiri ophunzira ku Paris ndi ku London, ndipo sachita manyazi.

China chimene omvera angachitole ndi msinkhu wopachikira zinthu. M'nyumba zambiri chithunzi cha ukwati kapena cha malemu chimakhomeredwa m'mwamba, pafupi ndi denga, kotero kuti wofuna kuchiona amachita kuimirira ndi kupendeketsa khosi. A Ede ankadziŵa kuti m'chipinda chochezera munthu amakhala pansi. Motero zithunzi zambiri adazipachika motsika, zina pafupi ndi mawondo, kuti zikumane ndi diso la munthu amene wakhala pampando. Ndipo mipandoyo njokhalira ndithu. Ku Kettle's Yard mlendo amaloledwa kukhala pa mipando yakale ija, ndipo palibe timapepala tofotokoza dzina la chinthu kapena chaka chake. M'masiku a a Ede, wophunzira wa pa yunivesite ankangofika masana, n'kukoka chingwe cha belu, ndipo mwini nyumba ankatsegula yekha chitseko. Ena ankabwerera atabwereka chithunzi choti akapachike m'chipinda chawo.

Wina anganene kuti zonsezi zidatheka chifukwa tinyumbato tinali takale kale, ndipo katundu wakale adangopeza kwawo. Yankho lidabwera mu 1970, pamene nyumbayo idakuzidwa ndi chigawo chatsopano cholembedwa mapulani ndi a Leslie Martin ndi a David Owers. Chigawochi n'chamakono kotheratu: makoma oongoka, opanda zokongoletsa, ndi kuŵala koloŵera kudenga. A Ede adaloŵetsamo matebulo, mipando ndi makapeti akale monga adachitira m'tinyumba tija, ndipo munthu amadutsa kuchoka ku chigawo chakale kuloŵa chatsopano osamva kuti wadumpha malire.

Komabe nyumbayi isatamandidwe mopitirira. Pamene a Ede ankaikonza, ana awo aŵiri anali atakula kale. Panalibe mwana wokwaŵa woti amwaze nsangalabwi 76 kapena kuluma ndimu ya pambale. Kunalibe fumbi la mwezi wa Okutobala, nkhuku zoloŵa m'nyumba, kapena achibale khumi ofika mwadzidzidzi pa maliro, ofuna poyala mphasa. Ndiponso dongosolo lotere lili ndi mtengo wake kwa okhalamo: alendo ankayenda m'nyumba monse, ndipo chipinda cha Mayi Ede ndicho chidatsala chobisika kwa iwo. Banja la ku Ntchisi kapena ku Nsanje silingakopere nyumba ya ku Cambridge monga ilili, ndipo palibe chifukwa choti liyesere. Chotengeka ndi kapenyedwe kake.

Tsono kapenyedweko kakafika pa katundu uja wozungulira kuseri, kamapezapo zambiri. Bokosi lachitsulo limene bambo wina adabwera nalo kuchokera ku migodi pa nthaŵi ya Wenela, ulendowo usanaimitsidwe mu 1974, tsopano lapitirira zaka 50. Litatsukidwa, n'kuchotsedwa dzimbiri ndi sandipepa wosalala, limakhala tebulo labwino patsogolo pa sofa, ndipo m'kati mwake mumasungika mabulangete. Dzina la mwini wake, ngati lidalembedwa pachivundikiro, lisafufutidwe. Ndilo mbiri ya bokosilo. Miyendo yakuda yachitsulo ya makina osokera a Singer imagwirizana ndi chilichonse chakuda cha masiku ano, ngakhale wailesi yakanema imene. Mtsuko wofiirira umapeza mnzake m'njerwa zootcha zosapakidwa pulasitala, kapena m'simenti yofiira ya pansi. Mkeka wa mlaza pansi pa tebulo lagalasi umafeŵetsa chipinda chimene matailosi adachiziziritsa. Zokwanira ndi ziŵiri kapena zitatu m'chipinda chimodzi. Zikachuluka, chipinda chochezera chimasanduka sitolo ya ziboliboli.

Mdani wamkulu wa katundu wakale, kuposa chiswe, ndi munthu wachifundo amene wagwira burashi. Pofuna kuti mpando wa agogo ufanane ndi kabati yatsopano, amaupaka vanishi wonyezimira kapena penti wa mafuta, ndipo tsiku lomwelo zaka zonse zimene manja adausalaza zimakwiririka. Mtengo wakale umangofuna kupukutidwa ndi nsalu yonyoŵa pang'ono, kuumitsidwa pamthunzi, ndi kupakidwa polishi wa phula wosanyezimira. Pa mtsuko vuto lake n'loposa maonekedwe. Mtsuko umaziziritsa madzi chifukwa dothi lake lili ndi timaboŵo tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono amatulukira kunja ngati thukuta, ndipo akamauma amachotsa kutentha. Penti amatseka timaboŵoto. Mtsuko wopentedwa umasiya ntchito yake, n'kutsala chidole. Uikidwe pa nkhata kapena pa kambale, kuti chinyezi chake chisadetse pansi. Mipando ndi mabokosi amatabwa zisagundane ndi khoma lachinyontho, ndipo kaufa kosalala kakaoneka pansi pake, ndiye kuti tizilombo tofukula mtengo taloŵa. Chinthucho chipatulidwe msanga chisanapatsire zinzake.

Amene ali ndi bokosi kapena kabati ya mkungudza wa ku Mulanje aisunge ndi manja aŵiri. Mtengowu umanunkhira, chiswe sichiukonda, ndipo mitengo yake ikuluikulu idatsala pang'ono kutheratu paphiripo chifukwa cha kudula ndi moto. Wogula wa pamseu akapereka ndalama zooneka zambiri lero, bokosi lotero silidzapezekanso maŵa.

Pali malire amodzi amene a Ede sadakumane nawo, koma womvera wa kuno amaŵadziŵa. Si chakale chilichonse chimene chili chokongoletsera nyumba. Zinthu za kudambwe zili ndi eni ake ndi malo ake, ndipo kuti alendo ena amazipachika pamwamba pa sofa si chifukwa choti mwana wa m'mudzi atero. Chimodzimodzinso zinthu za ufumu ndi zina zimene banja lidasungira mwambo: za izo amayamba afunsidwa akuluakulu.

A Ede adapereka nyumba yawo ndi zonse za m'katimo ku yunivesite ya Cambridge mu 1966, koma adakhalamobe mpaka mu 1973, pamene iwo ndi akazi awo adasamukira ku Edinburgh. Kumeneko ndi kumene Bambo Ede adamwalirira mu 1990. Kuchokera mu 2015 malowo adatsekedwa kuti amangepo zipinda zina zoonetsera zithunzi, ndipo adatsegulidwanso mu 2018, koma tinyumba tinayi tija adatisiya monga mwini wake adatikonzera. Ophunzira amabwerekabe zithunzi. Ndipo pakati pa ntchito za osamala nyumbayo pali imodzi imene sidumphidwa: ndimu ya pambale ikayamba kufota, amakagula ina.