Timalembo Tam'mwamba ta Anthu a Cree

Mwana wa sukulu aliyense amadziwa kuti mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu: nyumba, galu, mtengo. Kwa anthu a mtundu wa Cree, ku Canada, sizili choncho. Galu amamutcha atim, nyumba amati wâskahikan, ndipo kutsekeka kwa mawu kotereku ndiko kudautsa alembi awo.

Kalembedwe kawo kanayamba kusindikizidwa ku Norway House, m'chigawo cha Manitoba, cha m'ma 1840, pamene mmishonale wa mpingo wa Methodist, James Evans, ankagwira ntchito kumeneko. Akuluakulu ena a Cree amakana kuti iyeyo ndiye mwini. Amati malembowo anali mphatso yochokera kwa mizimu. Chizindikiro chimodzi chimaimira phatikizo lathunthu, ndipo chikatembenuzidwa liwu limasintha: ᐯ ndi pe, ᐱ ndi pi, ᐳ ndi po, ᐸ ndi pa.

Nanga lembo lopanda liwu lotsala lokha kumapeto? Limalembedwa laling'ono, chakumwamba kwa mzere. Apa ndi pomwe njira zinasiyana. A kumadzulo, monga a ku Saskatchewan ndi Alberta, anasunga tizizindikiro tapadera: kamphete ᐤ ndi w, kamzere koima ᑊ ndi p. A kum'mawa, m'mbali mwa James Bay, amangotenga chizindikiro cha phatikizo lothera pa a, nachichepetsa. Motero galu yemweyo kumadzulo ndi ᐊᑎᒼ, kum'mawa ndi ᐊᑎᒻ. Njira yachiwiriyi ndi yosavuta kwa wophunzira, pakuti saloweza zachilendo.

Lamulo lofunika kusamala kwambiri ndi la kamtanda ᕽ, koimira hk. Kamalembedwa kumapeto kwa mawu. Pakati pa mawu, h amakhala ndi chizindikiro chakechake ndipo k amalowa m'phatikizo lotsatira. Kamtandaka si kokongoletsa ayi. Chimene Mchewa amaika kutsogolo ponena kuti m'nyumba, iwo amaika kumbuyo: wâskahikan ndi nyumba, wâskahikanihk ndi m'nyumba. Mlembi akakaiwala, wowerenga amataya malo a nkhani.

Sukulu zogonera konko zinaletsa ana ambiri a Cree kulankhula chinenero chawo, kotero ambiri lero amachiphunzira m'mabuku. Chikhalirecho malembowa analowa m'ndondomeko ya makompyuta ya Unicode mu 1999, koma njira zonse ziwiri zinalowamo pamodzi, ndipo osindikiza amayenera kusankha yogwirizana ndi dera la owerenga awo.