ANA ATHU NDI MAPHUNZIRO A FIZIKISI PA NTHAWI YA TCHUTHI

Nkhani yolankhulidwa pa wayilesi kwa mafumu, anyakwawa ndi alimi a m'boma la Thyolo

 Madzulo ano sindilankhula za feteleza kapena za mitengo ya mbewu ayi. Ndifuna tikambirane za ana athu amene ali ku sekondale, ndi za chimene angachite pa tchuthi chachikulu cha mwezi wa Ogasiti.

Fizikisi N'chiyani?

Ena mwa inu munamvapo mwana akudandaula kuti fizikisi njovuta, ndipo munangoti zimenezo n'za kusukulu. Koma fizikisi muli nayo pakhomo panu. Ndiyo phunziro lofufuza za kulemera kwa zinthu, za kutentha, za kuwala, za magetsi, ndi za mphamvu imene imayendetsa zinthu.

Taganizani za sikelo. Mayi wothyola tiyi akabwera ndi dengu lake pa shedi, malipiro ake a tsiku limenelo ali pa sikelo. Mlimi wogulitsa nandolo kwa mavenda, phindu lake la chaka chonse lili pa sikelo. M'kati mwa sikelo yopachika muli chitsulo chopotana chimene chimatamuka molingana ndi kulemera kwa katundu, ndipo chitsulocho chikafooka kapena munthu akachigwiragwira, sikelo imanama. Mwana wophunzira fizikisi adziwa kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Kotero akadzaza chigubu cha malita 5 ndi kuchipachika pa sikelo, muvi uyenera kuloza pa makilogalamu 5 ndi kachidutswa kakang'ono ka chigubucho. Ukaloza pa 4, musagulitse nandolo wanu pamenepo.

Taganizaninso za fakitale. Masamba aawisi olemera makilogalamu 4 kapena 5 amatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya tiyi wouma. Kodi zotsalazo zimapita kuti? Ndi madzi. Poyamba masamba amayalidwa kuti afote, mphepo ya makina ikuwomba pansi pake. Pomaliza amaumitsidwa ndi mpweya wotentha wochokera ku moto wa nkhuni za bulugamu. Kutentha kukachepa tiyi amachita nkhungu, kukapyola muyeso tiyi amapsa. Munthu woyesa kutenthako ndi wokonza makinawo amagwira ntchito ya fizikisi, ndipo malipiro ake salingana ndi a wothyola.

Ngakhale mphenzi ili m'phunziro lomweli. Kuwala kumafika m'maso nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Mukaona ching'aning'ani, werengani pang'onopang'ono kufikira mutamva bingu. Masekondi 3 alionse ndiwo mtunda wa kilomita imodzi. Mwana wodziwa zimenezi sabisala pansi pa mtengo wautali mvula ikamagwa, ndipo safulumira kuloza chala agogo a m'mudzi mphenzi ikagwa pa nyumba.

Chifukwa Chake Tinatsalira

Tsono mungafunse kuti, ngati phunziroli lili pafupi chotere, bwanji odziwa fizikisi ali owerengeka pakati pathu? Sikuti mitu yathu njoperewera ayi. Khomo ndilo linatsekedwa nthawi yaitali. Tiyi anayamba kulimidwa ngati mbewu ya malonda ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo munda wa Satemwa kuno ku Thyolo unatsegulidwa m'chaka cha 1923. Makolo athu ambiri anakhala m'minda ya Azungu pa lamulo la thangata, kugwira ntchito m'malo mwa kulipira malo okhalapo. Koma sekondale yoyamba ya ana a dziko lino, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa m'chaka cha 1940, patapita zaka pafupifupi 50 chiyambire ulimi wa tiyi. Manja a munthu wakuda ankafunika, mutu wake sunkafunsidwa.

Kunjanso zinali chomwecho. Ku South Africa, kumene ambiri a abale athu anapita kukagwira ntchito m'migodi, Boma linakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1953 lopatsa ana akuda maphunziro otsika mwadala. Ku America, Edward Bouchet anali munthu wakuda woyamba kulandira digiri yapamwamba ya udokotala wa maphunziro, ndipo inali ya fizikisi, pa yunivesite ya Yale m'chaka cha 1876. Ngakhale zinali choncho, mayunivesite sanamlembe ntchito chifukwa cha khungu lake, ndipo anaphunzitsa zaka 26 pa sukulu ya ana akuda mumzinda wa Philadelphia.

Chilonda chotere sichipola msanga. N'chifukwa chake ku America ndi ku Britain mayunivesite ena amaitana ana akuda a ku sekondale pa tchuthi cha nyengo yotentha ya kwawoko, kuti akagwire zipangizo ndi manja awo ndi kukumana ndi akatswiri a khungu lofanana ndi lawo. Iwo anaona kuti mwana salakalaka ntchito imene sanaonepo munthu wonga iye akuigwira.

Khomo Lili Pakhomo Pathu

Kwathu kuno chotchinga si khungu tsopano, koma umphawi ndi kusowa kwa zipangizo. Masukulu ambiri a sekondale oyendera a m'midzi alibe chipinda choyeseramo za sayansi. Mwana amaloweza pa bolodi dzina la chipangizo chimene sanachigwirepo, ndipo tsiku la mayeso a Fomu 4 amachiona koyamba. Atsikana ndiwo amagwa mphwayi msanga, pakuti amauzidwa kuyambira ali aang'ono kuti masamu ndi sayansi n'za amuna.

Koma inu a ku Thyolo muli ndi mwayi umene maboma ena alibe. Ku Ndata, kufupi ndi Goliati, kuli yunivesite ya Boma ya sayansi ndi luso, imene ambiri amaitchula kuti MUST. Inamangidwa pa malo amene anapereka malemu Pulezidenti Bingu wa Mutharika, ndipo inalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 2014. M'chaka cha 2016 utsogoleri wake unapatsidwa kwa mayi, Pulofesa Address Malata, amene anayamba ntchito yake monga namwino.

Yunivesite imeneyi yakhala ikuchititsa msasa wa sayansi wa atsikana a ku sekondale pa nthawi ya tchuthi. Atsikana ochokera m'masukulu osiyanasiyana amasonkhana kumeneko kwa masiku angapo. Amalowa m'zipinda zoyeseramo zinthu, amagwira zipangizo ndi makompyuta, ndipo amacheza ndi amayi amene anaphunzira sayansi kufikira pamwamba. Masiku ochepa sasandutsa mwana kukhala injiniya, zimenezo n'zoona. Koma mwana amene waona ndi maso ake amabwerera ku sukulu ali ndi chifukwa cholimbikira. Paja m'mera mpoyamba.

Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Iye analeka sukulu pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake anasowa fizi. Anapeza buku la za mphamvu m'kanyumba ka mabuku, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina oyendera mphepo, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, njinga yakutha ndi zitsulo zotola, nayatsa magetsi m'nyumba ya atate ake. M'chaka cha 2014 anatsiriza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America. Chimene chinamuyambitsa ndi buku limodzi. Nanga mwana wolowa m'chipinda chodzaza ndi zipangizo?

Mafunso a Makolo

Wina adzati, "Ndani andithandize ntchito mwanayu akachoka?" Taonani nyengo yake. Mu Ogasiti mwakolola kale, tiyi wothyola ndi wochepa, ndipo mvula yodzalira ikali kutali. Palibe nthawi ina pa chaka imene manja a mwana angasowe pakhomo popanda kuononga kanthu ngati imeneyi.

Wina adzati, "Mwana wamkazi sagona kutali ndi amake." Nkhawa imeneyi njoyenera kholo, ndipo musaibise. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu, mufunse amene adzaperekeza ana, kumene adzagona, ndi tsiku lobwerera. Safunsa anadya phula. Koma mukayankhidwa bwino, mlekeni apite. Tonse tidziwa kuti atsikana ambiri amene sabwerera ku sukulu mu Seputembala sanatayikire ku yunivesite, anatayikira m'mudzi momwemo.

Zimene Tipempha kwa Mafumu

Choyamba, tchuthi chisanafike itanani mphunzitsi wamkulu wa sekondale ya m'dera lanu ndi komiti ya makolo, mufunse ngati pali ana oitanidwa ku maphunziro a pa tchuthi, ndi njira yofunsira malo.

Chachiwiri, mwana akasankhidwa koma makolo ake alibe ndalama ya basi, sopo kapena bulangeti, mudzi usonkhe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachitatu, konzani masiku a chinamwali ndi miyambo ina ya pa tchuthi kuti asaombane ndi masiku a maphunzirowa. Kumbukiraninso kuti kuyambira m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko lino saloleza ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Chachinayi, malo ku misasa yotere ndi ochepa, ndipo anyamata nawonso afunika chilimbikitso. Ngati m'mudzi mwanu muli wophunzira wa ku yunivesite amene wabwera ku tchuthi, kapena munthu wokonza magetsi ndi makina ku fakitale, mpempheni kuti asonkhanitse ana masana a Loweruka. Mabatire a tochi, mawaya, kababu, galasi, chingwe ndi mwala zikwanira kuyambira. Wobwera ku msasa nayenso aimirire pabwalo lanu, afotokozere anzake zimene anaona.

Mawu Otsiriza

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linavutika ndi kuzimazima kwa magetsi koposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri m'chigawo chino cha Kummwera, ndipo anthu mazanamazana anatisiya. Ifenso timalima ndi kumanga nyumba m'malo otsetsereka. Tifunika anthu oyesa mvula, odziwa pamene nthaka yakhuta madzi ndipo ili pafupi kugumuka, odziwa kumanga milatho yosakokoloka. Anthu otere sitidzawabwereka kunja masiku onse. Ali m'nyumba zanu, ena akutunga madzi, ena akusenza nkhuni madzulo ano.

Makolo athu anadzala tiyi ndi kumthyola. Ana athu akhoza kuyendetsa makina ake, ndi kupanga ena atsopano. Kalata ya ku sukulu ikafika chaka chino, musaiike pansi pa mphasa. Iwerengeni, funsani, ndipo mlekeni mwana apite.