Malekezero a Dziko ndi Mphepo ya Mwezi wa June

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a sukulu za m'midzi pa msonkhano wao



Pa mapu opacikidwa pa khoma la sukulu pali madera awiri oyera, lina pamwamba, lina pansi. Mwana aloweza maina ao, Arctic ndi Antarctica, nauzidwa kuti kumeneko kuzizira koopsa, ndipo phunziro lithera pomwepo. Koma akatswiri amene akhala zaka zambiri kumaderako apeza kuti madzi oundana, nyanja ndi mpweya zidalirana monga mafuwa atatu a pamoto: likasunthika limodzi, mphika wonse upendekeka.

Madera awiriwa asiyana. Arctic ndiyo nyanja yozingidwa ndi maiko, pamene Antarctica ndiwo mtunda wozingidwa ndi nyanja, wokutidwa ndi madzi oundana ocindikala pafupifupi makilomita 2. Konseko dzuwa liri lofooka, cotero kutentha kocuruka kwa pakati pa dziko kutengedwa ndi mphepo ndi mitsinje ya m'nyanja kunka ku malekezeroko, ndi kuzizira kubwera kuno. M'miyezi ya June ndi July mpweya wozizira wa ku nyanja za kumwera uoloka South Africa nufika m'Zambia, ndipo usiku wina cisanu ciwauka ndiwo za kudimba. Mwana wonjenjemera m'kalasi mamawa akhudzidwa ndi zimene aziona pansi pa mapu.

Cipale cimene cangogwa kumene cibweza kumwamba magawo 8 mwa 10 a kuwala kwa dzuwa, koma nyanja, pokhala yakuda, imeza magawo 9 mwa 10. Cifukwa cace madzi oundana akasungunuka pang'ono, nyanja ifunda. Nyanja ikafunda, ena asungunukanso. Ndico cimodzi ca zifukwa zazikuru zimene Arctic yatenthera msanga kuposa dziko lonse pafupifupi kanai kuyambira 1979.

Kuti aone kugwirizanaku, akatswiri anayenera kukhala pamalo pomwepo. M'caka ca 1893 Fridtjof Nansen wa ku Norway analola dala combo cace, Fram, kuti cigwidwe m'madzi oundana kumpoto kwa Siberia. Comboco cinatengedwa pang'onopang'ono, niciturukira pafupi ndi Svalbard mu 1896, ndipo anthu anatsimikiza kuti madzi oundanawo ayenda, okankhidwa ndi mphepo ndi nyanja. Mu 2019 combo ca ku Germany, Polarstern, cinacita cimodzimodzi, nicikhala pa ulendo caka cathunthu ndi akatswiri a maiko 20. Iwo anayesa mitambo, madzi oundana ndi nyanja ya pansi pace nthawi imodzi, pakuti woyesa cimodzi cokha sangadziwe cimene cisuntha cinzace.

Phunziro loposa linacokera kumwera. Pa malo ochedwa Halley, m'Antarctica, Angerezi anayamba m'ma 1950 kuyesa ozoni, ndiwo mpweya wa kumwamba kwambiri umene ucinjiriza zamoyo ku ceza coopsa ca dzuwa. Mu 1985 Joseph Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin analengeza kuti ozoniyo acepa kwambiri caka ndi caka m'mwezi wa October. Comuononga cinali mankhwala ochedwa CFC, ogwiritsidwa nchito m'makina oziziritsa zakudya m'mizinda yakutali. Nanga bwanji ciboo cinaoneka kumene kulibe mudzi? M'nyengo ya mdima ya kumeneko mphepo yamphamvu izungulira mtundawo nitsekera mpweya m'kati monga m'khola. Kuzizira kukafika madigiri 78 pansi pa ziro, mitambo yopyapyala ipangika kumwamba, ndipo pa mitamboyo klorini wa m'mankhwala aja amasuka. Dzuwa likabwerera mu September, kloriniyo aswa ozoni. Maiko anapangana ku Montreal mu 1987 kuleka mankhwalawo, ndipo ciboo cija cikutsekeka pang'onopang'ono. Kunadziwikanso kuti kucepa kwa ozoni kunalimbitsa mphepo za kumadzulo zozungulira Antarctica: cimene cinayambira m'mizinda cinakwera kumwamba, nicitsikiranso pa nyanja.

Madzi oundana asunganso mbiri. Pa Dome C akatswiri anaboola kupitirira makilomita 3, napeza timathovu ta mpweya wa zaka 800,000 zapitazo. M'zaka zonsezo mpweya wa kaboni, umene usunga kutentha, unali kukwera ndi kutsika pamodzi ndi kufunda kwa dziko, koma sunapyole magawo 300 mwa miliyoni. Lero wapitirira 420, makamaka cifukwa ca kutentha malasha ndi mafuta, ndi kupsereza nkhalango. Ukapitirira kukwera, madzi oundana a pamtunda adzasungunukira m'nyanja, ndipo midzi ya m'mphepete mwace idzamira.

Kodi mphunzitsi wa kumudzi, wopanda combo ndi makina, acitenji? Atenge zitini ziwiri, cina acipake njereza, cina mwaye, athiremo madzi olingana, naziike padzuwa. Pofika masana ana apisemo zala, ndipo adzadziwa okha cimene cicitika nyanja yakuda ikalowa m'malo mwa cipale. Aikenso citini coyesera mvula pabwalo, ndi ana alembe m'buku tsiku ndi tsiku kucuruka kwa mvula ndi kumene mphepo icokera. Nchito yotere ioneka yacabe, komatu ciboo ca ozoni cinadziwika cifukwa anthu analemba mokhulupirika zaka pafupifupi 30 asanaone kanthu kodabwitsa.

Ana amene akhala pa mabenci lero ndiwo adzalima m'nyengo zirinkusintha. Mphunzitsi wakungowapatsa maina oloweza awasiya opanda cowathandiza. Koma iye wakuwazoloweza kufunsa, pa mphepo iriyonse ndi mvula iriyonse, kuti yacokera kuti ndipo yasunthidwa ndi ciani, wawapatsa nzeru imene adzapita nayo kumunda.